Galimoto Kapena Ine

Lolemba

Dzulo ndikutsuka mbale kuseri, abwana akulankhula ndi Madamu pakhonde. Sindimafuna kumva, koma makutu alibe chivindikiro. Akuti mafuta akwera, ndalama sizikufika kumapeto kwa mwezi, ndiye pakhomo pano chimodzi chichoke: galimoto kapena mtsikana. Mtsikanayo ndine.

Galimoto ikapambana, ine ndibwerera kumudzi, ndipo mwana adzaleredwa ndi achemwali awo a abwana a ku Milonde, amene safuna malipiro. Galimoto ikaima, nditsala. Madamu akuti ayesa minibasi sabata imodzi, aone.

Mwanayo ndi Tadala, wangoyamba kumene kukwawa. Timakhala pa Chonde, Madamu amaphunzitsa pa sukulu ina cha ku Mission. Ndimapita nawo tsiku lililonse, ndimakhala ndi mwana pansi pa mtengo kuseri kwa makalasi, pa buleki amabwera kudzayamwitsa.

Ndiye ntchito yanga sabata ino ndi imodzi. Madamu akonde minibasi. Zochita:
- kudzuka msanga
- kuwapezera mpando wakutsogolo
- kunyamula chitenje choyala pampando
- kupemphera
- kulankhula ndi kondakitala (ichi ndiona)

Pa siteji. Madamu avala suti yabuluu, nsapato zazitali, chikwama chonyezimira. Woitanira wawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako watchula mtengo. Mayi wa dengu la nthochi amene wakwera pambuyo pathu wauzidwa mtengo wina, wotsika. Minibasi yomweyo! Ulendo womwewo! Ine ndamva. Ndatsegula pakamwa. Ndatsekanso.

Madamu afunsa kuti mitengo inalembedwa pati. Anthu aseka. Kondakitala wagogoda pamutu pake: "Ili muno, mami."

Tachedwa pang'ono chabe. Potsika Madamu akuti, "Si zoipa kwenikweni." Mawu amenewa ndawasunga ngati mbewu.

Madzulo ndikusesa, ndadutsa pamene paima galimoto ija. Sindinaipukute. Idzipukuta yokha.

Lachiwiri

Chiperoni, nkhungu ndi kamvula kozizira. Phiri silikuoneka.

Lero ndasankha ndine. Ndaona minibasi yotsala pang'ono kudzaza, ndagwira Madamu chigongono, ndaloza. Mpando wakutsogolo ndaupeza! Sindinapemphe. Ndangoima pafupi ndi chitseko ndikuyang'ana pansi mpaka woitanira watopa nane, wati, "Asisi, mukufuna chiyani kodi?" Ndaloza Madamu, ndaloza mpando. Zatheka.

Dalaivala akuliza injini, akusuntha pang'ono, akubwerera m'mbuyo. Mtima wanga ukuvina.

Kenako mnyamata mmodzi watsika. Wakwera munthu, watsika mnyamata wina. Wakwera gogo, watsika wina. Ha! Onse aja sanali a paulendo. Ndi anzake a woitanira, amangokhalamo kuti minibasi izioneka yodzaza. Mmodzi ndimamudziwa, amagulitsa mazira owiritsa. Potsika wandipatsanso moni.

Ndalama tapereka kale. Takhala. Takhalabe. Minibasi ina imene ndinaikana chifukwa inali yopanda anthu yatidutsa, yapita.

Za mpando wakutsogolo:
- galasi silitsekeka, pali chipepala cha pulasitiki
- chipepalacho chang'ambika
- chitseko amamanga ndi chingwe
- akhalapo awiri, Madamu ali pakati
- dalaivala akasintha giya akugunda bondo la Madamu, akuti "sole mami", akugundanso

Tsitsi limene Madamu anakonzetsa Loweruka lanyowa mbali imodzi. Phunziro loyamba lawadutsa.

Lero potsika angofinya tsitsi n'kulowera ku sukulu. Mbewu yanga ija ndikuona ngati yafumbwa.

Lachitatu

Mtengo wakwera. Dzulo si uwu. Kondakitala akuti, "Mafuta, mami." Bambo wina akuti mafuta sanakwere sabata ino. Kondakitala akuti, "Akwera mawa."

Tangodutsa milatho iwiri, minibasi yatsokomola, yazima. Mafuta omwewo atha! Kondakitala watulutsa chigubu pansi pa mpando wanga, waimitsa njinga ya kabaza, wapita ndi ndalama zathu kukagula. Palibe wadabwa. Mayi wina watsika n'kuyamba kusenda nandolo. Dalaivala waika chipewa kumaso.

Madamu akuti, "Bwanji sanathire tisananyamuke?" Agogo a pafupi nawo akuti, "Akanathira ndi chiyani, mwanangu, ife tisanalipire?"

Mafuta abwera. Injini yakana. Amuna atsike akankhe. Amunawo ndi ochepa, ndiye ndapereka Tadala kwa Madamu, ndakankha nawo. Ndakankha ndi mtima wonse. Ndimakankha ntchito yanga. Utsi wonse m'maso.

Koma chachikulu ndi chenji. Tafika pa Mission, kondakitala alibe ndalama zing'onozing'ono. Watenga pepala limodzi, waika m'manja mwa Madamu, waloza bambo wina wa jekete lachikopa: "Inu ndi awa ndakukwatitsani. Mukagawane." Minibasi yapita.

Ndiye tayenda. Madamu patsogolo ndi ndalama, bamboyo pambali pawo ngati mwini wake, ine pambuyo ndi mwana. Wa mandasi alibe chenji. Wa okala alibe. Wa mayunitsi akuti tigule kaye. Bamboyo sakufulumira, akufunsa ngati Madamu ali pabanja. Watiperekeza mpaka pa geti la sukulu, ana onse ali pa mzere akuona. Madamu amupatsa pepala lonselo kuti achoke.

Madzulo abwana angofika n'kufunsa, "Wa jekete uja ndani?" Nkhani imayenda bwino kuposa minibasi.

Lachinayi

Ndadzuka ndi maganizo atsopano. Ndabisa nsapato zazitali, ndaika zafulati pakhomo. Ndasita chitenje m'malo mwa suti. Mwina akaoneka ngati ife mtengo utsika. Madamu afunsa kuti kodi akupita kumaliro. Avala suti.

Lero mpando wa anthu atatu takhala asanu. Kondakitala akuti, "Sunthani, abale, tonse ndi a Mulungu." Iye mwini thupi lili panja, mutu wokha uli mkati. Pamiyendo pa Madamu aikapo mwana wasukulu wa eni ake. Kumbuyo kwawo kuli dengu la nsomba, ndipo likudontha. Ndaona dontho loyamba likugwera pa suti. Ndaona lachiwiri. Ndayala chitenje changa mwakachetechete. Chitenje chanyowa, chayamba kudonthetsa nachonso.

Minibasi yochokera kutsogolo yatiphethirira magetsi. Kuli apolisi. Kondakitala akuti taonjeza anthu, ena atsike adutse wapansi, akatipeze pokhota. Wayang'ana nkhope zonse kufuna amene sangakangane naye. Wapeza yanga.

Ndatsika ine, Tadala kumsana, ndi mnyamata wina wonyamula nkhuku. Tayenda m'mbali mwa msewu, tadutsa apolisi, ndawapatsa moni. Pokhota palibe minibasi. Ili uko, pokhota pena, ikuliza hutala ngati tachedwa dala. Ndathamanga. Patapata waduka. Ndalipira ulendo wonse, theka ndayenda ndekha!

Ku sukulu ana akuti mukalasi mukununkha usipa. Madamu aphunzitsa ataima pakhomo.

Madzulo alowa m'galimoto muja. Akuti akungoliza kuti batire isafe. Akhalamo nthawi yaitali, magalasi otseka, wailesi ikuimba, mutu atatsamira. Ndawaona pa zenera la kukhitchini. Nkhope imeneyo sanayambe andionetsapo ine.

Mawa ndi tsiku lomaliza. Lingodutsa bwino limodzi lokha, Ambuye. Limodzi.

Lachisanu



Minibasi yodzaza. Madamu apeza malo pakati. Ine andiuza ndipite kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa matumba a chimanga, ndipo ndi mwana kumsana sindingadutse. Mayi wina wachisilamu, wa mpango woyera, wakhala pakhomo, wati, "Bweretsani kuno mwanayo, mudutse bwino." Ndi mmene timachitira tonse. Ndamasula, ndapereka. Tadala wagwira mpango wawo, akuseka.

Tili pakati pa ulendo, dalaivala waona anthu ambiri tsidya lina la msewu, olowera ku Luchenza. Waima. Akuti sapitirira, abwerera ndi amenewo. Ife watigulitsa kwa anzake. Zaima minibasi ziwiri, yoyera ndi yobiriwira, makondakitala akulanda anthu ngati nkhuku za pamsika. Uyu wakoka dengu, uyu wakoka mwini dengu.

Ine ndine womaliza kutuluka, ndikukwera pamwamba pa matumba. Ndaponda pansi, ndaona Madamu akulowa yobiriwira. Ndaona kachipewa kofiira ka Tadala pa galasi la yoyera. Chitseko chatsekedwa.

Ndinakuwa. Ndikulumbira, mkati mwanga ndinakuwa. Chimene chatuluka ndi ichi: "Pepani, mwana."

Kondakitala wa yobiriwira wandikankhira mkati. Yoyera yapita.

Ndakhala kumbuyo kwa Madamu. Ndikufuna kuwagwira paphewa, dzanja likukana. Atembenuka okha: "Wagona?" Ndawaonetsa chitenje chopanda kanthu.

Sindimadziwa kuti munthu angakuwe monga akuwira Madamu. Dalaivala mpaka wagwetsa foni. Minibasi yonse yadzuka. "Thamangani, adalaivala!" "Imbirani mnzanuyo!" Dalaivala alibe nambala yake, akuti sayankhulana, analandana anthu chaka chatha. Bambo wina akuti, "Wotsika pamenepo!" Anthu onse: "Mukatsikira kutsogolo!" Sabata yonseyi ndi lero lokha minibasi yathamanga osaima.

Pa siteji ya Mission, mayi uja wakhala pa thumba lake, Tadala pamiyendo, akumudyetsa nthochi. Sanalire n'komwe. Mayiyo amapita ku Limbuli, watsikira pano chifukwa anamva Madamu akutchula Mission polipira. Akuti anakuwa kuti mwana si wake, kondakitala anati, "Msewu ndi umodzi, mayi, mukumana." Ndalama yake sanamubwezere. Madamu amulipirira ulendo wotsalawo, akulira, akuthokoza, akuliranso.

Kwa ine anena mawu awa okha: "Pakamwa pakopo ndi podyera pokha?"

Pobwerera sitinakwere minibasi. Abwana abwera ndi galimoto. Mipando yofewa. Mukununkhira bwino. Ndadana nayo njira yonse, koma msana wanga wayamika.

Loweruka

Palibe akundilankhula. Tadala yekha.

Madamu atsuka galimoto okha, ndi sopo wosambira. Apukuta mpaka matayala.

Abwana aimba foni ku Milonde. Ndamva "mayendedwe" ndi "tikuuzani mawa".

Ndachapa zovala zanga zonse kuti ndikapite nazo zoyera. Sizikuuma, chiperoni chabweranso.

Zimene ndikaziona kumudzi:
- amayi akufunsa za feteleza amene ndinalonjeza
- mlongo wanga ndi yunifolomu yake yong'ambika
- azakhali akuti, "Tinanena ife, ameneyu ndi bubu, salankhula"
- mzere wa ofuna ganyu yothyola tiyi, ndipo kumenekonso kapitawo amalemba amene wayankha mokweza

Ndiye kupita kumudziko ndikwera chiyani? Minibasi. Ndi chikwama, ndi ndowa, ndi mphasa. Adzandiuza kuti ndowa ilipire mpando wake, ndipo ndidzalipira.

Ndamusambitsa Tadala nthawi yaitali. Wandimenya ndi kapu pamphuno. Ndalira, koma osati chifukwa cha kapu.

Lamulungu

Tapita ku tchalitchi pa galimoto. Titadya andiitana pakhonde. Ndakhala pansi, manja pamiyendo.

Galimoto itsala. Madamu akuti mwana wawo sadzakweranso minibasi mpaka adzamere ndevu, ngakhale ndi wamkazi.

Ndayamba kudzuka kuti ndikatenge chikwama. Abwana akuti ndikhale kaye. Achemwali awo a ku Milonde akana, akuti akukolola nandolo, komanso amva kuti mwanayu amasowa. Ndiye aganiza zina. Galimoto izidzidyetsa yokha. Popita ndi pobwera Madamu azichita matola, kunyamula anthu olipira, monga amachitira anzawo a magalimoto. Kumbuyo anayi. Mafuta akapezeka, malipiro anga apezeka. Akapanda kupezeka, mwezi ukatha ndipita.

Koma mphunzitsi sangaime pa siteji n'kumaitana anthu, makolo a ana angaone. Pafunika wina wotsika, woitana, wokangana ndi oitanira eni siteji, wotolera ndalama, wokana ngongole.

Onse awiri ayang'ana ine.

Ndati, "Chabwino." Ndikanati chiyani?

Madamu akuti ndiyeserere lero lomwe, mawa tiyamba. Ndapita kuseri kwa nyumba, pa nthochi. Ndaima monga amaimira anyamata aja, mwendo umodzi patsogolo, dzanja m'mwamba. "Mission! Mission wopita!" Ndabwereza. "Awiri otsala!" Ndaitana nthochi, ndaitana khola la nkhunda, ndaitana mpanda wa aneba. Ndaitana mpaka kummero kwauma, thukuta kumsana, mutu ukuzungulira. Moyo wanga wonse sindinakuwepo chonchi.

Ndabwerera kukamwa madzi. Madamu ali pa zenera lotsegula, pomwepo, akuchonga makope a ana. Adzutsa mutu.

"Iwe, dzuwa likulowatu. Uyamba nthawi yanji kuyeserera?"