Tsiku Limene Ndinawotcha Chikombole cha Atate

Amene akuti ine ndimawonjezera nkhani abwere kuno ku Msumba adzanyamule chikombole changa ndi dzanja limodzi. Akachikweza kufika m'mawondo, ndidzaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuvomera kuti ndine wabodza. Okayikira sindikwiya nawo. Ndaphunzitsa masamu mpaka tsitsi lachita imvi, ndipo ku koleji ku Lichinga anatiphunzitsa kuti munthu asavomere chinthu asanaone umboni. Choncho wokayikira ali ndi mfundo. Inenso ndili nayo, kungoti yanga ndi yachitsulo.

Kwa inu amene simunachionepo, si chikombole choumbira njerwa ayi. Ndi zitsulo ziwiri zakuda zolumikizana kumbuyo ngati chitseko, chilichonse ndi chogwirira chake chachitali, ndipo m'kati mwake muli mizere yopingasana. Mumachiika pa mbaula, chikatentha mumathiramo phala la ufa wa tirigu, mazira, mkaka ndi shuga, n'kutseka. Mbali imodzi ikapsa mumatembenuza kuti inayo ipsenso. Chotulukamo ana a m'tauni amati wafo. Ife kuno timati mkate wa mazenera, chifukwa thupi lake lonse ndi timazenera.

Atate anali wophika kunyumba ya amishoni, ndipo popuma ntchito anawapatsa chikombolecho. Nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Likoma, anasiya mbuzi, anasiya mpando wawo wandalema, koma chikombole anachikweza m'bwato, ndipo mwera utatipeza pakati pa nyanja anachimanga chingwe n'kuchiponya ngati nangula, bwato n'kuima nji, mafunde n'kumatilambalala ngati akulambalala chilumba, mpaka mwerawo unatopa n'kupita kukavutitsa ena. Chinatuluka m'madzi chopanda dzimbiri ngakhale kadontho. Atate anali atachidyetsa mafuta zaka zonsezo mpaka chinamera khungu lakelake, lakuda, losalala moti ntchentche ikaterapo imaterereka n'kubinya mwendo. Khungu limenelo ndi limene limachititsa kuti mkate usamatirire. Atate atamwalira sanatisiyire munda waukulu kapena ukonde. Anatisiyira khungu limenelo.

Tsono mwana wanga Luiza anakondana ndi Yusufu wa ku Nkholongue, mnyamata wokonza injini za maboti, wofatsa, wa manja abwino. Ife ndife a tchalitchi, iwo ndi a kumzikiti. Zimenezo kuno si zachilendo. Chovuta chinali chakuti Yusufu amabwera chikamwini, kudzakhala kwathu ndi kudya zapakhitchini panga. Mayi ake, Abiti Saidi, amene zitumbuwa zawo zimadziwika padoko lililonse kuchokera ku Nkholongue mpaka kuno, anatumiza mawu akuti abwera kudzaona kumene mwana wawo azidzadya. Mwinimbumba wa kwawoko ndi mlongo wawo, koma munthu ameneyo satsokomola asanafunse Abiti Saidi. Tonse tinkadziwa tanthauzo la ulendowo. Akadya m'nyumba mwanga, ukwati ulipo. Akangomwa madzi n'kutsanzika, Luiza aiwale.

Ndinakonzeka monga munthu wophunzira. Miphika ndinagula yatsopano, nkhuku anandizingira mnansi wanga wachisilamu, ndipo ndinaganiza zoti mayi wodziwa zitumbuwa ndimulandire ndi chinthu chimene sanachionepo. Phala ndinakonzeratu m'mamawa, chikombole n'kuchiika poonekera. Iwo anafika dzuwa litakwera pang'ono, ndi amayi anzawo owaperekeza. Anakhala pamphasa, tinapatsana moni, kenaka maso awo anagwera pachikombole. Anachikhudza ndi chala, n'kuyang'ana chalacho.

“Apulofesola, kuda kokongola chonchi munachidyetsa mafuta anji?”

Ndikanatha kunena kuti a mpendadzuwa, chifukwa ine ndi amene ndimapaka. Koma pansi pa mafuta anga panali a atate, ndipo kumishoni kuja ankaweta nkhumba. Ndinawauza choncho. Iwo anapukuta chala chawo pa chitenje mwaulemu n'kupempha madzi akumwa.

Apa ndiyenera kunena mwachilungamo. Mayiyo sanali wovuta. Mwana wake akabwera kudzakhala pakhomo pa eni, adzadya chimene wapatsidwa ndipo sadzafunsa, chifukwa mkamwini safunsa za m'mbale. Ngati mayi ake samufunsira, amufunsira ndani? Kumbali yanga, mafutawo anali akalekale, ndipo munthu wa sayansi angakuuzeni kuti anasandulika kale chinthu china. Koma mtima wa munthu sudya sayansi. Ndikanatha kubisa chikombole kuseri kwa bedi n'kuwapatsa mpunga, koma anali atachiona kale, ndipo akanadziwa kuti akangotembenuka chibwerera pa mbaula. Ndinaona Luiza pakhomo, mbale ya madzi ili m'manja mwake.

“Madziwo ayambe adikira,” ndinatero. “Chingachiyeretse n'chiyani?”

“Moto, mchenga ndi madzi,” anatero Abiti Saidi. “Koma ndione ndi maso anga.”

Mukumva? Ndinatulutsa mbaula pabwalo, ndinathira makala onse a m'nyumba, ndinakatenga a mnansi wakumanja ndi a mnansi wakumanzere, ndinaika chikombole pakati pake chotsegula kukamwa ngati ng'ona, n'kutenga lichero n'kuyamba kukupiza. Ndinakupiza mpaka nkhuku zinagwira msana wa nyumba ndi zikhadabo, mpaka zovala za pachingwe zinauma n'kudzipinda zokha, mpaka mphepo ya lichero langa inatsika ndi gombe n'kukakumana ndi mwera ku Metangula, mwera n'kuona kuti wakumana ndi wamkulu mnzake n'kubwerera kumene unachokera, ngalawa za matanga zimene zinkapita kumpoto n'kupezeka zikuyenda chambuyo, eni ake akupereka moni kachiwiri kwa anthu amene anali atawatsanzika kale. Chitsulo chinafiira, kenaka chinayera, kenaka chinayamba kuwala kuposa dzuwa, moti timasola ta pamadenga tinatembenukira kunyumba kwanga n'kudzaza matelefoni onse a m'mudzi, ngakhale ena amene anafa kalekale ali m'mabokosi anadzuka n'kuyamba kulira. Mafuta a atate anatuluka utsi wakuda umene unakwera mowongoka ngati mlongoti.

Abiti Saidi sanasunthe pamphasa paja. Anangokonza mpango wawo n'kuloza ndi mlomo.

“Pakona apo padakali pakuda.”

Ndinakupizanso. Lichero linapsa, ndinatenga chivundikiro cha mgolo.

Ophunzira muyamba kunena kuti chitsulo chamtundu umenewu chikapsa n'kuchiviika m'madzi ozizira chimang'aluka. N'zoona, ndipo ndikugwirizana nanu. N'chifukwa chake sindinathamangire nacho m'madzi. Ndinachipana ndi mitengo iwiri yaiwisi, ndinatsika nacho kudoko n'kuyamba ndachikwirira mumchenga kuti chipume, mchengawo n'kusungunuka kukhala galasi lalikulu ngati bwalo la mpira, limene amayi ochapa amadziyang'anirapo mpaka lero. Chitazirala mokwanira ndinachilowetsa m'nyanja pang'onopang'ono, komabe madzi anachita phokoso ngati mafuta olandira nsomba, nthunzi n'kukwera kukhala mtambo, mtambo n'kukwera phiri mpaka ku Maniamba n'kukagwetsa mvula pakati pa chilimwe, alimi akumeneko n'kudzala chimanga anzawo asanayambe n'kusosa komwe, ndipo ndi chifukwa chake chaka chilichonse ndimalandira mondokwa kuchokera kwa anthu amene sindikuwadziwa. Usipa wa pafupi ndi doko unayandama wophikaphika, wongosowa mchere. Asodzi anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti usipa wowiritsa suumika bwino pathandala.

Ndinachikwecha ndi mchenga, zenera lililonse palokha, Abiti Saidi ataima pambali panga madzi akuwafika m'akakolo. Chinatuluka chotuwa, chokhakhala, ngati mwana amene sanadzolepo mafuta. Apa sindiwonjezera kanthu. Ndinachiyang'ana ndipo sindinachizindikire. Pamene panali dzanja la atate panalibenso kanthu. Mayi uja anandiyang'ana, sananene zondipepesa, koma titabwerera kunyumba anapisa m'dengu lawo n'kutulutsa botolo la mafuta a mtedza, omwe amakazingira zitumbuwa zawo, n'kuyamba kupaka okha ndi kansalu. Tinachiwamba pa moto wochepa, tinapakanso, tinachiwambanso, mpaka chinayamba kubiriwira.

Wophika aliyense amadziwa kuti chitsulo chimene changovulidwa khungu chimagwira. Ndinathira phala, ndinatseka, ndinatembenuza, koma pofuna kutsegula chinakana ngati nsagwada za munthu wouma mtima. Ndinagwira chogwirira chimodzi, Abiti Saidi anagwira chinacho. Tinakoka. Amayi owaperekeza aja anawagwira m'chiuno, amayi a kwaya amene ankadutsa pamsewu anandigwira ine m'chiuno, mzere wawo n'kufika kudoko, mzere wathu n'kufika kutchalitchi, ndipo tinakokana mpaka nthaka inatanuka, khitchini yanga imene inali yogundana ndi nyumba n'kusunthira kumene ili panopa, kumene mvula ikamagwa ndimapita ndi ambulera. Mukumva? Kenaka chinatseguka ndi kugunda ngati bingu, tonse n'kugwa chagada, mkate uja n'kuuluka kudutsa pamwamba pa mtengo wa mango, kudutsa doko, n'kumakula m'mwambamo chifukwa feremento yotupitsa mkate ndinali nditathira mowolowa manja, n'kuloza ku Likoma, dzuwa n'kumadutsa m'timazenera take n'kujambula chithunzithunzi cha ukonde panyanja ponse, nsomba n'kuganiza kuti zakoledwa n'kuthawira m'maukonde enieni, moti asodzi amene ankandidandaula aja anabwera okha kudzandithokoza. Unadumpha malire wopanda chiphaso. A ku Likoma amati unagwera paphiri ndipo mbuzi zinadya mpaka dzinja. Ine sindinakaone, ndiye zimenezo sindingazilumbirire.

Titadzuka n'kusasa fumbi, ndinasuzumira mu mbale. Phala lotsala linali la mkate umodzi wokha. Mazira anali atatha, ufa unali utatha, ndipo Abiti Saidi anali asanaike kanthu pakamwa. Madzi aja anali pamphasa pomwe Luiza anawasiya.

Nthawi imeneyi sindinapupulume. Ndinachotsa makala ena kuti moto ukhale wofatsa. Ndinatenthetsa mbali zonse ziwiri mpaka dontho la madzi linavina pachitsulo m'malo mongouma. Ndinapaka mafuta zenera lililonse, m'munsi ndi m'mwamba momwe, n'kuthira phala pakati pokha kuti lidziyendere lokha kupita m'mbali. Ndinatseka, n'kutembenuza msanga kuti phala ligwire mbali zonse. Nthunzi inayamba kutuluka m'mphepete.

“Tsegulani, chikupserera,” anatero Abiti Saidi.

“Nthunzi ikadatuluka, m'kati mudakali mwamadzi.”

“Ine fungo ndikulimva.”

“Inu mumadziwa zitumbuwa, mayi. Ichi ndisiyireni.”

Anandiyang'ana ndi diso loti likanakhala la pamsika ogula akanathawa, koma anandisiyira chikombolecho. Kunena zoona, mphuno yawo sinalakwe kwenikweni, chifukwa kakona kamodzi kanaderako. Koma ndikanatsegula nthawi imeneyo mkate ukanang'ambika pakati, theka pamwamba theka pansi. Nthunzi itachepa ndinatembenuzanso, ndinadikira pang'ono, n'kukweza chogwirira ndi chala chimodzi. Chinatseguka mosavuta. Mkate unatsetserekera wokha m'mbale, wofiirira, wouma bwino kunja, wofewa m'kati. Ndinathira uchi mpaka zenera lililonse linadzaza, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, n'kunyema kakona kodera kaja n'kudya. Anatafuna nthawi yaitali. Mbalame zinasiya kulira, mafunde anaima m'mwamba osagwa, ndipo Luiza analeka kupuma. Ananyemanso. Kenaka anamaliza wonse n'kupukuta uchi wa m'mbale ndi chala chomwe chija.

“Shuga wachepa,” anatero. “Muzithirako wambiri, asewere. Mwana wanga amakonda zotsekemera.”

Chifikireni ankanditcha Apulofesola. Luiza anakhala pansi pomwe anaimapo.

Ukwati unachitika, ndipo adzukulu anga amadya mkate wa mazenera pa Pasaka ndi pa Idi pomwe. Khungu latsopano linamera, lakuda ngati loyamba lija, ndipo ntchentche zayambanso kubinya miyendo. Tsono inu amene mwavala kale nsapato kuti mudzanyamule chikombolecho, yambani mwadikira, chifukwa panopa kulibe. Asewere anga anabwereka pa Idi ya chaka chatha, ndipo nthawi iliyonse ndikatumiza mawu amati boti limene lingachinyamule silinapezeke. Pitani ku Nkholongue mukachione kumeneko. Koma muchenjere, akakuuzani kuti anakupiza moto uja ndi iwo, ndi mpango wawo, ine nditakhala pamphasa. Mbali yawoyo ndinaimvetsera mpaka kumapeto, ndinaiyeza mofatsa monga ndinaphunzitsidwira, ndipo ndapeza kuti mayi ameneyo ndi wabodza.