Mafuta a ku Joni ndi Chipumi Changa

Lolemba

Katoni yanyamuka ku Joni! Bambo a kunyumba, amene ali komweko, aimba foni: mafuta oyeretsa khungu, sopo, timachubu ta ziphuphu, zonse zili m'galimoto ya a Nyirenda, aja amatibweretsera katundu kuno ku Mzimba. Loweruka ndi ukwati wa Tiwonge, mwana wa achimwene, ku Embangweni. Ine monga nkhazi wake, zakhali kunena kwake, ndalonjeza pamaso pa abale kuti mkwatibwi adzawala mpaka akuchimuna adzawonjezera ng'ombe. Mafuta otsala ndizigulitsa pakhonde. Chikwangwani ndalembetsa kale: KUWALA KWA JONI.

Lachiwiri

Ofuna mafuta achuluka. NyaMoyo wa kumsika, azimayi awiri a kwaya, ndi aphunzitsi ena aamuna amene akuti akugulira mlongo wawo. Mlongo alibe, tonse tikudziwa.

Wokana ndi mwini ukwati yekha. Akuti, "Ankhazi, nkhope yangayi yalakwa chiyani?" Ana a masiku ano!

Lachitatu

Galimoto yafika italemedwa mpaka matayala kuphwa. Zotsitsidwa: mafiriji, matilesi, njinga, ngakhale chitseko cha munthu wa ku Edingeni. Chitseko chadutsa pa boda, katoni yanga ayi!

A Nyirenda akukanda mutu. "Ndapota mama, aigwira. Akuti mafuta enawo muli mankhwala oletsedwa, ndipo mankhwala salowa m'dziko opanda chilolezo. Mbwenu ine ndikanatani?"

Kenako akundipatsa mobisa kabotolo kamodzi kamene kanagwera pansi pa mpando. Zolemba zake sindikuzimva, koma mtsikana wa pachithunzi akumwetulira bwino.

Mtima ukuwawa. Ndalira pang'ono kuseri kwa bafa.

Lachinayi

Ndapita kwa bambo wa sitolo ya mankhwala kukafunsa ngati chilolezocho chingatuluke mawa masana. Waseka mpaka kuvula magalasi. Akuti choyamba ndikhale ndi chiphaso chogulitsira mankhwala, mafutawo akayezedwe, alembetsedwe kuboma, ndiye kenako ndiitanitse. Ndiye kuti ine ndayambira kumchira. Ndafunsa ngati zonsezi zingatheke Loweruka lisanafike. Wayankha kuti, "Loweruka la chaka chiti, mama?"

Kabotolo ndi ka mkwatibwi, inde. Koma nkhazi akatuluke wakuda bii pa zithunzi? Ndapaka pang'ono pachipumi, kungolawa. Ndawonjezeranso kawiri kuti agwire msanga.

Lachisanu

Mayo ine! Chipumi chikuyaka ngati ndapakapo tsabola. Chafiira, chatupa, chikusendeka. Kuwala kukuwala ndithu, koma osati kuja ndimafuna.

Kuchipatala anamwino andipatsa mankhwala oziziritsa, kabotolo alanda. Andifunsa ngati pali wina amene wadzola. Ndati palibe. Usiku uno ndi umene ndimati ndimupake Tiwonge nkhope yonse, khosi ndi mikono yomwe. Ndakhala kaye pabenchi.

Mulamu wanga, amake a Tiwonge, aimba foni: "Mafuta ghali nkhu?" Ndati boma lalanda. Sindinanamepo ayi.

Loweruka

Embangweni. Dzuwa likuswa mtengo, ine duku ndamanga mpaka pansidze. Azimayi a umanyano, gulu la amayi a mpingo, akundiyamikira: "Yewo chomene ankhazi, ulemu wake ndi umenewu, osati tiatsikana ta mawigi." Ndikungogwedeza mutu pang'onopang'ono kuopa kuti duku lingasunthe.

Tiwonge walowa m'tchalitchi ndi nkhope yake yomwe ija, atangodzola mafuta wamba a pagolosale. Wakongola kwambiri mwanayu! Mkwati akumuyang'ana mpaka kuiwala kuyankha, abusa achita kubwereza funso. Nthungululu yanga ndiyo yamveka kuposa onse, ndipo anthu akuganiza kuti ndi chimwemwe cha ukwati chabe.

Pa zithunzi ndaima kumbuyo kwa achimwene.

Lamulungu

NyaMoyo wabwera kudzafunsa katoni ina ifika liti. Ndangokweza duku. Wati "A Chiuta ŵane!" n'kubwerera osatsazika. Pofika madzulo ofuna mafuta onse asowa, ndi aphunzitsi aja omwe.

Bambo a kunyumba akudandaula pa foni kuti katoniyo akaitentha. Aitenthe, machesi ndingawatumizire.

Chikwangwani ndatsekera pakhola pamene nkhuku zimatulukira, chakwana bwinobwino. Bizinesi yatha isanayambe. Duku ndivala mwezi wonse, palibe kanthu. Chipumi ndi changa, ndipo Tiwonge wapita kubanja ndi nkhope yake yonse.