Kapolo Anameza Bwana

Mpaka lero ndikamva nyimbo ya ndombolo m'minibasi, ndimatseka makutu, ndipo anthu amaganiza kuti mwina ndinabadwa mwatsopano. Ayi ndithu. Ndi nkhani ya kompyuta ya a Namakhwa, imene ndakhala ndikuibisa kuyambira 2004, ngakhale kuti kuchokera ku Masambanjati mpaka ku Changata palibe amene saidziwa.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mu ofesi mwathu munali kompyuta imodzi, ndipo poti ndine ndinkaipukuta fumbi ndi kuifunditsa nsalu poweruka, anthu anayamba kunditchula kuti katswiri. Ine sindinakane. Sukulu yanga yonse ya kompyuta inali magazini akale amene manijala ankataya m'bini, ofika m'manja mwanga atagonera zaka ziwiri. Ndinkawaloweza, kenako n'kukaulutsa nkhani zake pamsika ngati zangophulika dzulo. "Mwamva? Kunja kwatuluka kanthu kakang'ono ngati chala, akuti fulashi. Kamodzi kokha kakumeza mafulopi katoni yonse!" (Ku Limbe kanali katafika kalekale m'mashopu, koma ogulitsa nthochi akanadziwa bwanji?)

A Namakhwa anali mphunzitsi wopuma pantchito, mkulu wa mpingo wosunga Sabata, ndipo ankakhala kufupi ndi mishoni. Pakhomo pawo panali zinthu ziwiri zondikoka: kompyuta yakale imene anapatsidwa ku mishoniko itatopa, ndi mwana wawo Miriamu, namwino. Sindinama, ndinkapitira chachiwiricho, koma ndikafika ndinkayamba kulonjera choyambacho.

M'kompyutamo munali buku. Kwa zaka zambiri mkuluyu ankayenda wapansi ku Mphuka ndi ku Changata kufunsa nkhalamba za thangata, masiku aja anthu ankalima ulele m'minda ya azungu polipira malo amene amangapo nyumba. Zonse analemba m'makope khumi ndi awiri, kenako anatha zaka zinayi akuzitayipa ndi chala chimodzi. Mutu umene ankaunyadira kwambiri unali wa mayi awo. Malemuwo, ali gone pamphasa masiku awo omaliza, anatchula mayina makumi atatu a anthu amene anawoloka nawo mtsinje wa Ruo pochokera ku Mozambiki, anthu oti pamanda awo lero pamera tiyi.

Mufunsa za makope aja. Apa ndiye pakuwawa. Chiswe chinali chitawayamba, ndipo ndine ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti, "Bambo, nthawi ya mapepala inatha. Kompyuta siiwala." Mayi Namakhwa atamva mawu a katswiri, anamalizitsa makopewo poyatsira mbaula. Mafulopi awiri amene mkuluyu anasungiramo bukulo anachita nkhungu ndi chinyezi cha chiperoni. Pulinta panalibe. Choncho buku lonse linatsala malo amodzi okha: mu disiki, kabokosi kachitsulo kamene kamasunga zinthu m'mimba mwa kompyuta.

Tsiku lina disikiyo inayamba kulira kuti kha-kha-kha, ngati nkhuku yodwala chitopa. Mkuluyu anachita mantha. Ine ndinadziguguda pachifuwa Miriamu akuona, n'kulonjeza kuti ndiikamo disiki ina yaikulu ndi kusamutsa bukulo osataya ngakhale kadontho.

Ndinapita ku Limbe kwa mmisiri wina wokonza makompyuta, amene anandigulitsa disiki yogwiritsidwapo kale ntchito, nandibwereka fulopi yokhala ndi pulogalamu yokopera.

"Mverani bwino, achimwene," anatero. "Madisiki awiri akakhala pa lamba mmodzi sangalamule onse. Ina imakhala masta, ina silevu. Bwana ndi kapolo. Yatsopanoyi ndaiika kale kukhala bwana. Yakaleyo mukaiike ukapolo posuntha kapulasitiki aka. Kenako mukopere kuchokera kwa kapolo kupita kwa bwana. Zimene zili muyatsopanomu ndi nyimbo za mwini wake wakale, zikafufutika zokha. Mwamva?"

"Zimenezo n'zodziwika," ndinayankha, ndikuyang'ana kumbali.

Iye anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kundilembera ndithu papepala: KAPOLO KUPITA KWA BWANA. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinafika kwa a Namakhwa Lachisanu cha m'ma 3 koloko, nditathawa kuntchito ponamizira mutu. Mkuluyu anandilandira ndi chenjezo: "Mwana wanga, dzuwa likangolowa Sabata layamba. M'nyumba muno simugwiridwanso sikuludiraiva."

Ndinatsegula kompyuta patebulo la pabalaza. Munali fumbi, ukonde wa kangaude ndi nalimata wouma. Kapulasitiki koti ndisunthe kaja kanali kakang'ono ngati njere ya mpunga, moti zala zanga zinakanika, mpaka Miriamu anandibwereka kachopanira kake kakuchipatala. Anaima pambali panga akununkhira sopo, ndipo nzeru zanga zochepazo zinayamba kusungunuka.

Zonse zikanayenda bwino a Namakhwa akanakhala osadziwa Chingerezi. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi. Anavala mandala, n'kunyamula disiki yawo yakale, nayamba kuwerenga timalemba ta pamsana pake.

"Pano palembedwa chiyani? Silevu?"

"Ndi mawu chabe a amisiri, bambo."

"Ndiye pa awiriwa kapolo ndi uti?"

"Yakaleyi, bambo. Kwa kanthawi kochepa chabe."

Anaika disikiyo pansi pang'onopang'ono, n'kuvula mandala.

"Mwana wanga, mu kabokosi aka muli mayi anga. Analima thangata moyo wawo wonse. Lero mufuna alowenso ukapolo kwa mlendo wochokera ku Limbe, m'nyumba mwanga muno, ine ndikuona?"

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ndinaseka ndekha.

"A kalaliki, simungangosintha?" anafunsa Miriamu. "Kapena n'zovuta kwa inu?"

Zovuta kwa ine? Kwa katswiri? Ndinatenga kachopanira kaja n'kusuntha timapulasitiki tonse tiwiri. Disiki yakale inakhala bwana, ya ku Limbe inakhala kapolo, ndipo mkuluyu anagwedeza mutu mokhutira ngati wamasula mtundu wonse. Kunena zoona, kusinthako pakokha kunalibe vuto. Chofunika chinali kungokumbukira kutembenuzanso mawu a papepala paja. Mwana wa sitandade 3 akanakumbukira.

Dzuwa linali litatsamira pamitengo ya bulugama kuseri kwa munda wa tiyi. Mayi Namakhwa anali atayamba kutsokomola mwadala pakhomo. Ndinalowetsa fulopi mothamanga, kompyuta n'kundifunsa kuti ikopere kuchokera kuti kupita kuti. Ndinatulutsa pepala langa, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve: "Kapolo kupita kwa bwana!"

Kompyutayo, ndiyenera kuichitira umboni, inayesetsa kundipulumutsa. Inalemba kuti zonse zimene zili kopitako zifufutika, n'kufunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina kuti inde. Inafunsanso kachiwiri. Ndinadinanso, n'kuuza Miriamu kuti makinawa amakonda kufunsa zinthu zodziwikiratu.

Kukoperako kunatenga pafupifupi ola lathunthu. (Buku la mawu okhaokha, lokwana pa mafulopi awiri, silikanachedwetsa ntchito chotero, ndipo mutu wabwino ukanadabwa.) Ine ndinati, "Mwaona kulemera kwa buku lanu, bambo?" Iwo anamwetulira monyada. Ntchito inatha dzuwa likungobira. Sipanakhalenso mpata woyesa, ndinangozimitsa n'kufunditsa nsalu. Tinagwada kulandira Sabata, ndipo m'pemphero a Namakhwa anathokoza Mulungu ponditchula dzina, kuti watumiza mnyamata wanzeru pakhomo pawo.

Loweruka limenelo ndilo tsiku lokoma kuposa onse amene ndakhalapo, ndipo n'chifukwa chake limandiwawa. Anandiitana kutchalitchi kwawo n'kundikhazika benchi ya kutsogolo. Potuluka mkuluyu ankandigwira paphewa n'kumauza aliyense kuti, "Uyu ndi amene wapulumutsa buku lathu." Masana ndinadya mpunga wa nandolo ndi nthochi zakupsa. (Tiyi sanandipatse. Banjali linazingidwa ndi tiyi mbali zonse, koma kwa iwo kumwa tiyi ndi tchimo.) Madzulo Miriamu anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tikusiyana anandifunsa akuyang'ana pansi kuti, "Kodi amalume anu amakhala kutali?" Amene anafunsirapo mbeta akudziwa tanthauzo la funso limenelo. Ndinafika kunyumba osamva kuti mapazi akuponda pansi.

Lamulungu mmawa ndinapeza a Namakhwa ataitana akulu ampingo awiri kudzaona zodabwitsa. Ndinavundukula nsalu mwaulemu, n'kuyatsa. Kompyuta inadzuka bwinobwino, koma pagalasi, pamene pankakhala vesi la m'Masalimo, panatuluka chithunzi cha mzimayi atamanga kansalu m'chiuno, akuvina mchombo uli pamtunda.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa mmodzi wa akulu aja.

"Zimabwera ndi disiki yatsopano," ndinatero.

Ndinasaka bukulo paliponse, osalipeza. Chifukwa cha mantha ndinangodina chinthu choyamba chimene ndinachiona, ndipo timasipika timene tinkangodziwa nyimbo zamakwaya tinaphulika ndi ndombolo. Mayi Namakhwa anatulukira kukhitchini atagwira kumutu. Ndinazimitsa, n'kuchotsa disiki imodzi, kuyesa inayo payokha. Mzimayi yemwe uja. Kubwezera, kuyesa inzake. Mzimayi yemwe uja, akumwetulirabe. Apa mpamene pepala lija linabwerera m'mutu mwanga.

Ndinafotokoza mwachibwibwi zimene zinachitika. A Namakhwa anamvetsera mpaka kumapeto, osakweza mawu.

"Ndiye kuti kapolo wameza bwana?"

"Ndi choncho, bambo."

"Moyo wanga wonse ndinkalakalaka kuona tsiku limenelo," anatero. "Sindinkadziwa kuti lidzachitikira pabalaza panga."

Palibe anaseka. Mkuluyu anakhala pampando, n'kuyang'ana kabokosi kachitsulo kaja. Kenako ananena mawu amene akundiyabwabe mpaka lero: "Azungu anabzala tiyi pamanda a anthu aja. Inu mwabzalapo ndombolo."

Lolemba ndinathamangira ku Limbe ndi madisiki onse awiri. Mmisiri uja anaseka mpaka kuitana telala woyandikana naye kuti adzamve nawo. Atapukuta misozi anati, "Zikanakhala zongofufuta tikanayesa, achimwene. Koma apa mwalembapo zina pamwamba. Madzi akatayika sawoleka." Anandiuzanso kuti fulashi, imene ndinkaiulutsa pamsika ija, inali pashelefu kumbuyo kwanga tsiku lomwe ndinadzagula disiki, ndipo bukulo likanakwanamo n'kutsala malo.

Mlandu sunapite kwina kulikonse. A Namakhwa anangogamula okha kuti Lamulungu lililonse ndizibwera 7 koloko, iwo azinena zimene akukumbukira, ine ndizitayipa. Zinatenga zaka ziwiri, popanda malipiro, popanda tiyi. Ndinaphunzira za thangata polemba ndiponso polichita. Alendo akabwera ankandionetsa kuti, "Uyu ndi wotayipa wathu. Anataya, zinaipa."

Chimene chimandipweteka n'choti palibe amakumbukira amene analamula kuti ndisinthe timapulasitiki tija. Ndinayesapo kamodzi kukumbutsa, mwaulemu wonse. Mkuluyu anangoti, "Ine ndinapempha ufulu wa mayi anga. Katswiri anali ndani?" Miriamu naye sanafunsenso za amalume anga. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wa ku Masambanjati, munthu woti sadziwa ngakhale pamene amayatsira kompyuta, ndipo makadi aukwatiwo ndinatayipa ndine, Lamulungu lina titamaliza mutu wachisanu.

Mitu yambiri inabwerera, ina yowonda, ina yonenepa kuposa kale. Wa mayi awo anausiya komalizira. Tsikulo anakhala atatsinzina, n'kuyamba kutchula mayina. Anatchula asanu mosajejema, anayi movutikira, kenako chete. Nkhalamba zimene akanafunsa zinali zitatha kale kumanda.

"Siyani mzere," anatero.

Ndinadina.

"Siyaninso wina."

Tinachita zimenezo mpaka chiwerengero cha makumi atatu chinakwana, iwo akuwerenga ndi zala, misozi ikutsikira m'mandala. Tsiku limenelo sananditchule wotayipa, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

Phunziro ndinatolapo? Kompyuta ikandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndimaima n'kukamwa madzi kaye. Koma anthu akanditchula katswiri sindikanabe, ndipo sabata yathayi ndinatsegula foni ya mlamu wanga ndi mpeni. Buku lija ndinalisindikiza mobisa ku ofesi, makope atatu, limodzi ndili nalo pano. Pa tsamba la mayi awo pali mayina asanu ndi anayi amene anakumbukira a Namakhwa, ndi mizere makumi awiri ndi umodzi yopanda kanthu. Imeneyo ndiyo ndinalemba ine.