Ndekha ku Chilumba cha pa Kariba

Lolemba

Tchuthi chayamba, sabata imodzi yokha tisanayambe kusankha fodya. Cholinga: kupita ndekha kunyanja ya Kariba, kuwoloka pa bwato, kukayenda tsiku lathunthu m'nkhalango ya pachilumba chopanda anthu. Chibadwire sindinakhalepo ndekha. Ndinakulira pa komboni, ku koleji ya zaulimi tinkagona asanu ndi atatu m'chipinda. Kodi munthu akakhala yekhayekha amaganiza chiyani? Ndikufunanso kuona mitengo yomera yokha. Ya pafamu pano ndi bulugamu wa m'mizere, wowotchera fodya.

Katundu: mapu, kampasi, madzi, kwinini, masokosi mapeya atatu. Pa sikelo ya fodya: makilo asanu ndi anayi.

Lachiwiri

Ndikuyeserera kuyenda ndi chikwama kumsana, kuzungulira damu kawiri. Phewa lakumanzere likuwawa. Ng'ona imathamanga bwanji pamtunda? Buku langa la zaulimi silikunena.

Mayi a Rudo, mkazi wanga: "Wakulakwirani ndani, bambo?" Ndikuti palibe. Sakukhulupirira. Auza amayi anzawo kumpopi.

Lachitatu

Komboni yonse yamva. Kuyambira m'mawa anthu akuodira pakhomo. Ndalandira:
kalata zinayi za abale a ku Kariba,
nkhuku yamoyo, ya mwana wa mayi Phiri wokwatiwa kumeneko,
masaka atatu opanda kanthu ("Mutibweretsere matemba, a kapitawo").

Sikelo: makilo khumi ndi anayi. Nkhuku sikhala phee, mwina ndi khumi ndi asanu.

Lachinayi

Akulu ampingo abwera kudzandipempherera. Atanena ameni, agwirizana kuti munthu sapita pamadzi wopanda womuperekeza. "Chikachitika china, adzatiuza ndani?" Asankha a Zuze, oyendetsa thirakitala, poti iwo anawoloka Zambezi pochokera ku Tete.

Ndikufotokoza mwaulemu kuti ulendowu phindu lake ndi kukhala ndekha.

A Zuze: "Mukakhala nokha ndithu, a kapitawo. Ine ndizingobwera m'mbuyomu."

Lachisanu

Bhazi kuchokera kutauni yathu ya Karoi, nkhuku pamiyendo. Kalata zinayi, nyumba zinayi, sadza (nsima ya kuno) kanayi. Kukana n'kutukwana. Mpongozi wa mayi Phiri ali ndi bwato, akuti atiwolotsa mawa. Pachilumbapo akuti sanafikepo, koma mkazi wake wamva kuti pali nkhuni zabwino.

Loweruka

M'bwato tili asanu ndi awiri, kuphatikizapo amayi okadula nkhuni, ndi nkhwangwa ziwiri.

Nkhalango yeniyeni! Tsanya, milambe, mitengo yokhotakhota yosadziwa mzere. Ndowe za njovu. Ndikaima kuti ndiusinkhesinkhe mtengo, a Zuze andiuza kale dzina lake, matenda amene umachiza, ndi malume awo amene anagwamo. Kumbuyo amayi akuimba, nkhwangwa zikulira.

Masana nzeru yandibwerera: pali ulendo umodzi wokha umene munthu saperekezedwa. Ndikuti, "Ndipatuke kaye pathengo." Onse akuyang'ana kumbali.

Ndakhala pamwala kuseri kwa mlambe. Zii. Ndikumva mtima wanga, ndi chiswe chikudya chipika. Choyamba mantha. Kenako china chake chopepuka, koma ndisanachipezere dzina ndamva a Zuze akutsokomola chapafupi.

"Zikuyenda, a kapitawo?"

Mphindi khumi ndi imodzi. Ndapatukanso kawiri. Kachitatu a Zuze agwedeza mutu nayamba kukumba mizu.

Lamulungu

Ndafika ndi masaka atatu a matemba, mapu akununkha. Nthawi yokhala ndekha, yonse pamodzi: mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Ndimati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino chinthu chopepuka chija chisanandithawe.

Koma a Zuze anena kutchalitchi kuti madzi a ku Kariba anditsegula m'mimba. Mayi a Rudo andigoneka pamphasa, phala lili pamoto, mizu ili m'kapu. Ndikuti ndili bwino. Akuti onse odwala amatero.

Amvano afika asanu ndi anayi, akhala mozungulira. Akuti asinthana mpaka ndichire, chifukwa wodwala sasiyidwa yekha.