Nkhondo ya Njere Zakuda ku Kabwata

Zinachitika m'chaka chachiwiri cha chipani chimodzi, pamene dziko linali ndi mbendera imodzi, nyimbo imodzi ndi mzere umodzi wautali wogulira sopo. Ndipo mibadwo isaiwale kuti ku Kabwata kunali ba Abson Sakala, Mesenjala wa Maofesi Atatu, Mwini Mizere Isanu ndi Iwiri ya Chimanga, Iye Amene Makoswe Ankamudziwira Kutsokomola.

Ngwaziyi inkafuna chinthu chimodzi chokha: kupita ku chiwonetsero cha zaulimi ndi chimanga choyera mbee, n'kubwerako ndi chikalata cha nambala wani. Inagula mbewu ya haibulidi m'tauni, inathira fetereza ndi supuni ya tiyi, inapalira mpaka dothi linatopa. Koma tsiku lokolola, itasenda chimanga choyamba, inapeza pakati pa njere zoyerazo pali njere zakuda khumi ndi zitatu.

Kuseri kwa mpanda wa waya kunali amai Eness, mkazi wamasiye, Mfumukazi ya Tsache, amene ankadzala chimanga chamakolo chamawangamawanga chimene anabwera nacho kuchokera ku Katete atachimanga pa nsonga ya chitenje.

Ba Abson anakwera pa chitini cha palafini nalengeza: "Amai, chimanga chanu chalowa mu yadi yanga popanda chilolezo, chaononga mtundu wanga. Nifuna yankho lelo."

Amai Eness sanasiye kusesa. "Ba Abson, chimanga changa chilibe miyendo. Funsani chanu kumene chinali kuyenda."

Nkhondo inatha masabata atatu. Madzi otsukira mbale anawoloka malire, chingwe choyanikira zovala chinadulidwa kawiri, ndipo ku tchalitchi gulu la ba Abson ndi gulu la amai Eness anaimba nyimbo imodzi mopikisana mpaka abusa anadumpha ndime yomaliza.

Pamapeto pake mlandu unafika kwa ba Mukuka, tcheyamani wa chipani m'deralo, Mwini Chidindo, amene anaitana ba Spencer, mphunzitsi wa sukulu ya madzulo, kuti aunike nkhaniyi. Ba Spencer anafotokoza modekha kuti njere iliyonse ili ndi mayi ndi bambo ngati munthu: mayi ndi chimanga chotulutsa ndevu chija, bambo ndi mungu wogwa kuchokera ku ngayaye ya pamwamba pa phesi, ndipo mphepo imanyamula munguwo osafunsa kuti waya ndi wa yani. Njere zakudazo zinangotengera bambo wawo.

Ba Mukuka anamenya tebulo. "Ndiye wolakwa tamupeza, ni ngayaye. Chaka chamawa ngayaye iliyonse mu sekishoni muno izadulidwa ikangotuluka."

Ba Spencer anakweza dzanja kuti anene kuti popanda bambo palibenso mwana. Ba Mukuka anawafunsa ngati khadi lawo la chipani linali la chaka chino. Dzanjalo linatsika.

Mtendere unakondwereredwa mu Januwale. Amayi a chipani anavina, kwaya inaimba, ndipo ba Abson ndi amai Eness anagwira sizasi imodzi n'kudula ngayaye yoyamba anthu akuwomba m'manja. Pofika masana munalibe phesi lokhala ndi chipewa m'dera lonselo, ndipo adani akalewo anamwera tiyi m'kapu imodzi.

Mu Epulo, atavala jekete la ku chiwonetsero, ba Abson anasenda chimanga choyamba. Munali chisononkho chokhachokha. Anasenda chachiwiri, chachitatu, mzere wonse. Kenaka anasankha chachikulu koposa n'kuchikweza pamwamba pa waya.

"Mwaona, amai? Palibe yakuda olo imodzi."

Amai Eness anayang'ana m'dengu mwawo, mmene munali zisononkho zomwezo. "Zoona, ba Abson. Mwawina. Manje tizadya chani?"