Mpata umodzi wa a Jonasi

A Jonasi ndinawadziwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sindinaonepo nkhani yomwe anailola kuti igone. Ku kalabu yathu ya alimi a mtedza kuno ku Chiosya, tinkati tagwirizana, tawomba m'manja, pemphero lotsekera layamba, iwo dzanja m'mwamba.

"A tcheya, nkhani ya mwezi watha ija."

"Ija tinamaliza, a Jonasi."

"Munamaliza inu. Ine ndinakaiganizira kunyumba."

Sindikuwonjezera. Tsiku lina a Fletcher, mlembi wathu, anapemphera katatu msonkhano usanathe.

Titatopa tinaika lamulo lakuti wofuna kufukula nkhani yakale ayambe wapalira mizere khumi m'munda wa kalabu. A Jonasi anavomera mosangalala. Chaka chimenecho munda unayera ngati bwalo. Ankafika khasu lili paphewa, matope mpaka m'maondo.

"Ndapalira mizere makumi atatu. Ndili ndi nkhani zitatu."

Tinasintha lamulo: munthu aliyense mpata umodzi pachaka wofukula nkhani yakale, basi. Mkazi wa a Jonasi, mayi Anasi, anawachenjeza kuti ausunge bwino. Iwo anautaya mu Febuluwale pa nkhani ya penti wa chitseko cha shedi. Ankafuna wobiriwira. Tinavotanso, chitseko chinakhalabe chofiira.

Mu Okutobala kalabu inachotsa mayi Esitele, mayi wamasiye, chifukwa chojomba kuntchito ya m'munda. Wochotsedwa salandira mbewu ya kalabu. Kenako tinamva kuti nthawi yonseyo anali kuchipatala ku boma, kudwazika mwana wawo.

Pamsonkhano wotsatira a Jonasi anaimirira.

"A tcheya, nkhani ya mayi Esitele."

"Mpata wanu uli pachitseko apo," anayankha a tcheya, mayi Millicent. Anthu anaseka.

"Ndibwerekeni wa chaka chamawa."

"Mpata sabwereka, a Jonasi."

"Nanga enanu, mipata yanu mukusungira ndani?"

Ambiri ankasunga yawo poyembekeza mkangano wa mtengo wogulitsira mtedza.

Tsiku lomwelo a Jonasi anapita kwa mayi Esitele.

"Mayi, Januwale akangolowa, nkhani yoyamba ndi yanu. Ulendo uno mpata wanga ndiusamala."

A Jonasi anamwalira mu Disembala atadwala masiku ochepa.

Tsopano misonkhano imatha msanga. Chomwe tagwirizana chimakhala chomwecho, chabwino kaya choipa, ndipo timabalalika aliyense akuyang'ana njira yake. Mipata ya chaka chino tonse tili nayo, koma kukweza dzanja anthu atatopa kale ankakutha ndi munthu mmodzi yekha.

Mayi Esitele mbewu anachita kukapempha kwa alongo awo ku Mlonyeni, ndipo anadzala mochedwa. Sabata yatha tinakumana pamsika.

"Abambo, kodi mpata wa a Jonasi wa chaka chino unapita kwa ndani?"

Ndinawauza zoona, kuti sunapite kwa aliyense.

"Ndiye ndidikirabe," anatero. "Munthu uja sankanama."