Tenti Imene Inandivula Yunifomu

Lolemba

Ndatsimikiza mtima: ndikuchita apilo! Chikalata changa chotulukira usilikali chimati "anachotsedwa chifukwa cha khalidwe loipa." Ku loji ina ku Ngala akufuna mkulu wa alonda, koma bwana wake atawerenga mawuwo anandibwezera pepala ndi zala ziwiri ngati usipa woola. Akuti ndikabwera ndi chikalata choyera ntchito ndi yanga. Andidikira mpaka sabata yamawa basi.

Mlandu wake? Tenti imodzi. Bambo anamwalira m'dzinja, mvula ili pakati, ine n'kutulutsa tenti kukampu osapempha. Ndimati ndibweza maliro akatha. Tisanaiphwasule kunagwa maliro ena, kenako ena. Akuluakulu atandifunsa ndinalumbira kuti sindinaionepo. Kupusa!

Ndaimbira Banda, mnzanga amene adakali pantchito. Akuti pakufunika:
kalata yanga,
makalata awiri a anthu aulemu onena za khalidwe langa,
mwayi.

"Wochedwa kutchuthi kapena womenya mnzake ataledzera amamuganizira," akutero Banda. "Koma katundu wa boma, achimwene, ndi nkhani ina. Bola tenti isatchulidwe."

Lachiwiri

Ndikulemba kalata. Ndang'amba mapepala anayi. Pepala lachisanu likuti za tenti ine sindikudziwapo kanthu. Amake Zione, akazi anga, akuwerenga ataima kumbuyo kwanga, chinangwa chili m'manja.

"Mukukana tenti yomwe munakhoma nokha mwezi watha pamaliro a kwa a Saidi?"

Ndawauza kuti za usilikali sangazimvetse. Angoti "ehe" n'kutuluka. Ndapolisha jombo zanga zakale kuti mtima ukhale pansi. Zikuwala, mwini wake ayi.

Lachitatu

Kwa a Shehe, tsidya la Chia. Andilandira bwino, tiyi wamkaka. Kalata alemba mosangalala. Ndikuwerenga panjira:

"Munthu uyu Mulungu amudalitse. Ndi amene anatibweretsera tenti yobiriwira ya asilikali, imene yafunditsa maliro athu onse, a Asilamu ndi a Akhristu omwe."

Mayo ine! Ndabwerera chothamanga kukapempha kuti achotse za tentizo. Asisita ndevu.

"Nanga tikachotsa tenti, mwananga, tilembapo chiyani?"

Ndaganiza njira yonse.

Lachinayi

Chiyembekezo chatsala kwa a Mhango, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma. Anachokera kumpoto kalekale, koma lilime silinasinthe. Ndawapeza ali gone pamphasa, chifuwa chawagwira, aonda zedi. Komabe akuti cholembera sangapatse wina. Ndawachonderera kuti alembe zoti sindimwa, sindiba, ndimapereka moni. Agwedeza mutu, ine n'kumati tamvana.

Kalata yawo ndi masamba awiri. Tenti, tenti, tenti! Alembamo ngakhale nambala ya boma imene inadindidwa pakona pake, ati umboni wopanda nambala si umboni. Aphunzitsi inu!

Potsanzika andigwira dzanja. "Adada, inenso tsiku langa likakwana, mundigoneke pansi pake. Mvula ndimaiopa."

Ndaseka nawo. Kuseka kwake kwa manyazi.

Lachisanu

Ndamuwerengera Banda makalata onse pafoni. Waseka mpaka kutsamwa. Kenako akuti tisinthe njira: wovomera kulakwa ndi kubweza katundu nthawi zina amamumvera chisoni. Ndifike nayo tentiyo kulikulu Lolemba m'mawa, akuluakulu oona za apilo akukhala tsiku limenelo. Ndikaphonya, mpaka chaka chamawa.

Ndang'amba kalata yabodza, ndalemba yoona. Yatuluka yaifupi.

Ndakatenga tenti kumene timasungira ziwiya za maliro. Mmene ilili:
zigamba za matumba a feteleza, zisanu ndi chimodzi,
fungo la utsi losachoka,
zikhomo zachitsulo zatsala zitatu, zinazo ndi za bulugama,
nambala ya boma yokha ndiye ili gwa, ngati yalembedwa dzulo!

Ndikudutsa nayo pamjigo, amayi asiya kupopa. Wina wati, "Akutilanda." Sindinacheuke. Banja langa lidya ulemu wa pamaliro?

Loweruka

Ndaipinda mwa chisilikali, ndaimanga. Ndapangana ndi wa matola kuti anditenge mawa masana. Jombo zili pakhomo, makalata ali m'thumba.

Dzuwa lili paliwombo, mfuu kwa a Mhango. Atisiya.

Mitambo yadetsa kunyanja. Anthu akudutsa pakhomo panga kupita kusiwa, aliyense akuona mtolo uli pakhonde, palibe akupempha. Akanabwera kudzanditukwana bwenzi zili bwino. Ana a malemu akuchokera kumpoto, mwambo mpaka Lachiwiri. Lachiwiri!

Ndakhala pamtolopo ngati nkhuku yofungatira. Ndauza amake Zione kuti mudzi uno uphunzire kudzigulira zake, ine ndatopa, ndili ndi ana ofuna kudya.

"Ine sindinena kanthu," atero. Aika hamala pafupi ndi phazi langa n'kunyamuka kupita kumaliro.

Lamulungu

Matola adutsa. Analiza hutala kawiri.

Ndikulemba ndili pansi pa tenti, pabwalo la a Mhango. Mvula ikukhuthuka, amayi a mvano akuimba, a Shehe akhala pambali panga, palibe wanyowa. Ntchito ya ku Ngala atenga wina, ndikudziwa, ndipo zikundiwawa. Koma chondiwawa kwambiri ndi china. Tsiku lija ndikanangogogoda kwa bwana wanga n'kunena kuti bambo amwalira, mundibwereke tenti, mwina akanandipatsa ndi galimoto yomwe. Ndinaopa kupempha, ndinaopa kuvomera, zaka zonsezi zapita.

Chikalata cha boma chibwerere m'sutikesi, chizinena zomwe chimanena. Kalata ya a Mhango ndiisunga m'thumba la malaya. Pepala lokhalo lomwe limanditcha munthu wabwino mpaka masamba awiri, ndi lomwenso lingandimangitse.

Chingwe cha mbali ya bokosi chakhwefuka. Palibe wina amadziwa mfundo yake. Ndikakoke.